Bulauzi Yoyera Imene Ndinasokera Esinati

Inu owerenga, bulauzi imene mwana wanga anafa akuichapa ndinasoka ndine, ndi manja angawa, pamakina anga, kwinaku ndikuimba nyimbo. Palibe anandigwira pakhosi kuti ndisoke. Ndikulemba izi mtima ukundiwawa, ndiye musayembekezere kuti ndikometsa mawu. Ndikufuna mundimve makamaka inu amene mukaona munthu atavala zoyera mumayamba ndi kugwada musanamufunse n'komwe kumene akuchokera, chifukwa inenso ndinali wotero.

Kwathu ndi kufupi ndi Nsaru. Malemu amuna anga anali mphunzitsi wa pulayimale komanso mkulu wa mpingo. Atamwalira anandisiyira munda, dimba kudambo, makina osokera, ndi mwana wathu wotsiriza, Esinati, amene anali yekha wotsala pakhomo, akulu ake onse ali kumabanja kwawo kutauni. Ine ndinalowa chigwirizano cha amayi kumpingo kwathu ndili ndi mwana woyamba kumsana, ndipo mayunifolomu ambiri amene amayi a kuno amavala anatuluka pamakina anga. Bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku loyera kumutu. Musandiuze za mphamvu ya chovala chimenechi, ndimaidziwa. Ukachivala Lachinayi, anyamata a kabaza amakupatukira, zidakwa zimabisa mabotolo kumbuyo, pamaliro amakuyalira mphasa pamthunzi. Mayi yemweyo amene dzulo amatukwanizana ndi mnzake pamjigo, lero wavala zoyera, aliyense akungoti zikomo amayi. Ndinkaziona zonsezi, ndipo ndisaname, zinkandikomera.

Esinati anali ndi khunyu. Matendawa anamuyamba ali wamng'ono, atadwala malungo aakulu. Mwezi ndi mwezi tinkapita kuchipatala ku Kabudula kukatenga mapiritsi, ndipo akamamwa mosadumphitsa ankatha dzinja lonse osagwa. Anamwino anatiuza zinthu ziwiri zimene ndinazisunga ngati malamulo a Mulungu, kuti asakhale yekha pamoto, ndiponso asakhale yekha pamadzi. Zaka zonsezo mwana wanga sanapitepo kuchitsime wopanda munthu. Anali wamanja kwambiri, tomato wake kudimba ankachita kuthyola mitengo yochirikizira, ankaimba bwino kuposa ine, ndipo akaseka ankamveka mpaka kumsewu. Koma anthu, abale! Akagwa ankamwazikana, ati malovu ake amapatsirana matenda. Mnyamata wina anabwera kudzamufunsira, atamva za khunyu sanabwerenso ngakhale kudzatsanzika.

Chimene Esinati ankachilakalaka kwambiri sichinali banja ayi, inali yunifolomu. Iye ndiye ankandisokerera mabatani n'kumasita mabulauzi a eni ndi simbi yamakala. Akaganiza kuti sindikumuona, ankanyamula bulauzi ya eniyo n'kudziyerekeza pagalasi. Tinapempha kangapo kuti amuveke. Amayi anzanga sankakana poyera, ankangoti tidikire kaye chaka chamawa. Koma chifukwa chake ndinkachidziwa. Anagwapo tsiku lina m'tchalitchi pakati pa ulaliki, ndiye ankaopa kuti adzagwa atavala yunifolomu pamaliro, anthu n'kuseka chigwirizano. Chaka chamawa chija sichinkafika, ndipo ine ndinali ndi mkwiyo umene sindinkauza munthu.

Tsopano ndikuuzeni za anthu a mikanjo. Kumapeto kwa mudzi wathu, cha kudambo, kuli mabanja angapo amene ankapemphera paokha m'chisakasa chaudzu. Amavala mikanjo yofiira yofika kumapazi, chingwe m'chiuno, osavala nsapato, ndipo ankaimba ndi ng'oma. Mudzi wonse unkati ndi asataniki. Ena ankati amamwa magazi, ena ankati ndi amene amasowetsa ana, chonsecho kwathu kuno sikunasowepo mwana ndi mmodzi yemwe. Mukandifunsa lero kuti umboni wake unali uti, ndikuyankhani kuti unali kufiira kwa nsaluyo basi. Ana ankawagenda akamadutsa, ife akuluakulu n'kumayang'ana kumbali. Pa nkhani zimenezi pakamwa panga ndi pamene panali patsogolo. Ndinkachita kudzitama pamjigo kuti ngakhale atandipatsa ng'ombe sindingasoke mkanjo wofiira pamakina amene amasoka zoyera.

Mmodzi wa iwo anali aNambewe, mayi wa msinkhu wanga, amene dimba lawo linachita malire ndi lathu. Esinati ankawakonda. Ankathirira limodzi, ndipo tsiku lina mwana wanga atagwa pakati pa mizere, ine ndili kumunda, aNambewe ndi amene anamugoneka chammbali, kumupukuta kukamwa ndi nsalu yawo, n'kukhala naye mpaka atatsitsimuka. Anamuperekeza mpaka pakhomo, n'kumupatsanso nkhwani. Mukuganiza kuti ndinathokoza? Nkhwaniwo ndinaponyera mbuzi, mwanayo ndinamusambitsa ndi sopo ngati wagwera m'chimbudzi, ndipo ndinamuletsa kulankhula nawo.

Chaka chatha, anthu atangoyamba kugulitsa fodya, pa Nsaru panafika gulu lina la mapemphero. Anachita lendi sitolo yakale n'kuipaka laimu. Tsiku loyamba kuwaona anali akuyenda pamzere mumsewu wa kumsika, ndipo ndinaima ndi dengu langa kumutu n'kumaganiza kuti ndi chigwirizano cha mpingo wina wa kwathu konkuno chabwera kudzacheza. Bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku loyera. Chosiyana chinali lamba wobiriwira m'chiuno, basi. Nyimbo zimene ankaimba zinali zathu zomwe, za m'buku, zimene tinakula nazo. Mtima wanga unakhala pansi nthawi yomweyo. Sindinafunse kuti achokera kuti, anachokako bwanji kumeneko, kaya amaphunzitsa zotani. Ndifunsirenji, poti anavala ngati ine?

Mtsogoleri wawo ankatchedwa Amayi Mtumiki. Anali mayi wathupi labwino, wolankhula motsitsa, wonunkhira sopo, ndipo bulauzi yawo inali yoyera mochititsa manyazi yanga. Atamva kuti ndine telala wa mayunifolomu, anabwera okha pakhomo panga kudzandipatsa ntchito yosokera otsatira awo atsopano. Anamupeza Esinati ali pakhonde ndi singano, akusokerera mabatani. Anafunsa kuti nanga mtsikana wokongola chonchi yake yunifolomu ili kuti. Ine, mmene ndinalili ndi chotupa mumtima chija, ndinakhuthula zonse, za khunyu, za kugwa m'tchalitchi, za chaka chamawa chosafika. Anamugwira Esinati pachibwano n'kunena kuti, "Kwathu sitidikiritsa mwana wa Mulungu. Amayi, msokereni, Loweruka timuveka."

Abale, ndinalira ndi chimwemwe. Ndinasankha nsalu yabwino kuposa zonse, n'kuidula mosamala ngati ndikusoka diresi laukwati. Mabatani oyera anandithera litatsala limodzi, ndiye ndinatsegula sutikesi n'kudula batani pamalaya a malemu amuna anga, lokulirapo pang'ono, lotuwirako, n'kuliika pamwamba penipeni, pakhosi. Ndinamuuza Esinati kuti bambo ako nawonso akhale nawo pamwambowu. Anaseka kuseka kwake kuja.

Loweruka lija ndinapita nawo. Anamuveka anthu akuimba ndi kululutira, ndipo mwana wanga anaima kutsogolo kwa gulu koyamba m'moyo wake popanda womuthawa. Kenako anabweretsa beseni pakati, ndipo onse ovekedwa tsikulo anayamba kuponyamo mankhwala awo. Wina a shuga, wina a kuthamanga kwa magazi, Esinati ake a khunyu. Anali atamuuziratu kuti abwere nawo, ine osadziwa. Amayi Mtumiki analalikira kuti wovala choyera wachira kale, ndipo kumwa mankhwala utavekedwa n'kuthira matope pansalu ya Ambuye. Titatuluka ndinawatsatira kuseri n'kuwauza kuti mwanayu akasiya mapiritsi amagwa. Anandigwira manja onse awiri, n'kundiyang'ana ndi chisoni, amvekere, "Inu, mayi wa yunifolomu zaka zonsezi, mukukayika?" Ndinachita manyazi. Ndikulumbira, mawu amenewo akanatuluka m'kamwa mwa munthu wa mkanjo wofiira, ndikanamuthamangitsa ndi mpini mpaka kumsewu wa ku Mchinji. Koma anatuluka pansi pa duku loyera, ndiye ndinawameza.

Malamulo ena anabwera pang'onopang'ono. Wovekedwa asadye pamaliro a anthu akunja. Asapitenso kutchalitchi kwake kwakale. Esinati anasiyadi kupita nane, ndipo ine m'malo modandaula ndinkati aone amayi a chaka chamawa aja kuti ena amudziwa mtengo wake. Kenako linabwera lamulo la kuchapa. Ati yunifolomu ndi yopatulika, sichapidwa pamjigo pamene anthu amachapa matewera, ndipo wosavekedwa ndi iwo asaikhudze. Mwini wake aziichapa yekha Lachisanu masana, kumadzi kopanda anthu, akupemphera. Wosayenera kuikhudza ndinali ine tsopano, ine amene ndinaisoka! Ndipo kukhala yekha pamadzi ndi chinthu chomwe chija anamwino anatiletsa. Lachisanu loyamba ndinamutsatira chapatali. Atandiona anabwerera akulira, ati ndikumuonongera mdalitso. Sabata yotsatira ndinamusiya kuti apite.

Mwina mukuti mayi uyu ndi chitsiru. Nenani, muli ndi ufulu. Koma mukanamuona mwana wanga masiku amenewo! Anthu omwe aja ankathawa malovu ake anayamba kumupatsa moni wonyolika. Akamapita ku Nsaru atavala, a kabaza ankamuitana kuti amayi. Pamjigo ankamusiyira malo kuti atunge kaye. Munthu anali yemweyo, matenda omwewo, chinasintha ndi nsalu yokha. Ankayenda khosi lili m'mwamba, ndipo ine ndinalibe mtima womuvula chimwemwe chimene mpingo wanga unamumana. Atagwa pakhomo koyamba chisiyireni mapiritsi, n'kudziluma lilime, Amayi Mtumiki anabwera ndi amayi a gulu lawo kudzapemphera, n'kundiuza kuti ndisaope, chiwanda chikutsanzika. Ndinadziuza kuti ndikangomaliza kukumba mtedza ndipita ku Kabudula mwakachetechete ndikatenge mapiritsi ena, ndizikamuthirira m'phala. Mtedza unali wambiri chaka chimenecho, ndipo ulendowo ndinkangoukankhira kutsogolo.

Munthu mmodzi yekha m'mudzi monse ndiye anabwera kudzandichenjeza, ndipo anali aNambewe. Anabwera akuchokera kumapemphero kwawo, mkanjo uli m'thupi, n'kuima kumapeto kwa bwalo chifukwa ankadziwa kuti sindingawapatse mpando. Anati amuona Esinati ali yekha pachitsime cha kudimba, ndipo maso ake akuonetsa kuti sakumwa mankhwala. Anati gulu lomwelo linali ku Mpingu lisanabwere kuno, ndipo mlamu wawo wa matenda a shuga anafera m'manja mwa anthu amenewa. Anandipempha kuti ngati sindingathe kumuletsa, ndiwalole iwo azikhala chapafupi akamachapa. Ndinawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzala zawo zafumbi, n'kunena kuti, "Kodi anthu ovala zoyera chonchija angaphe munthu? Tadziyang'anani inuyo kaye." Ndinawauza kuti ndikadzawaonanso pafupi ndi mwana wanga ndidzawaitanira anyamata. Asanafike n'komwe patali ndinatenga tsache n'kusesa pamene anaima, iwo akuona.

Lachisanu lotsatira ndinali pamakina, ndikusoka bulauzi ina ya gulu lomwelo. Esinati anatenga beseni ndi sopo, n'kuima pakhomo amvekere, "Amayi, mundisiyireko mbatata." Ndinamuyankha osadzutsa mutu. Dzuwa linali paliwombo. Patapita nthawi ndinamva mfuu kuchokera kudambo, poyamba ya munthu mmodzi, kenako ya anthu ambiri, ndipo ndinathamanga wopanda nsapato. Chitsime cha kudimba kwathu, inu owerenga, madzi ake safika n'komwe m'mawondo. Kamwana kamatha kuimamo. Koma munthu wa khunyu akagwa chafufumimba satha kudzutsa mutu. Tsikulo aNambewe anali paulendo wa kuchisakasa chawo atavala mkanjo, ndipo poopa mawu anga aja analambalala dimba. Mtima unawakana, anabwerera kuti akangosuzumira. Anamupeza nkhope ili m'madzi, bulauzi ili m'dzanja. Anamuvuula, anayesa kumufinya pachifuwa, kenako anamubereka kumsana n'kuthamanga naye kumudzi akukuwa.

Tsopano imvani zimene anthu anaona. Sanaone mayi akuyesa kupulumutsa mwana wa mnzake ayi. Anaona mkanjo wofiira, wonyowa, utabereka mtembo. Wina anakuwa kuti asataniki apha munthu, amafuna magazi. Anyamata anawalanda Esinati n'kumugoneka pansi, ena anayamba kuwakankhakankha aNambewe, ena anathamangira kukayatsa chisakasa chija. Ine ndinali pansi, mutu wa mwana wanga uli pamiyendo panga, bulauzi yonyowa ikadali m'dzanja lake, ndipo ndinkadziwa bwinobwino chimene chamupha. Ndinkadziwa. Koma ndinakhala chete, chifukwa kulankhula kunali kuvomera pamaso pa mudzi wonse kuti ndine ndinamulola. Ndinatsegula pakamwa mwala utawang'amba kale aNambewe pamphumi, utsi ukufuka kudambo. Ndinakuwa kuti asiyeni, mwanayu anasiya mankhwala, wagwa yekha. Anawasiyadi, koma mpaka lero alipo ena amati tsiku lija ndinasokonezeka mutu ndi chisoni, ndipo a mikanjo ndi amene anapha.

Maliro ake ndi amene anandionetsa anthu. Akulu a mpingo wathu anabwera kudzandipepesa, koma anati poti Esinati anachoka yekha mumpingo, mwambo wa mpingo sungachitike. Amayi anzanga a chigwirizano anabwera, inde, anaphika, anatunga madzi, koma atavala zitenje zawo, mayunifolomu amene ndinawasokera atawasiya m'masutikesi. A lamba wobiriwira sanabwere ndi mmodzi yemwe. Anangotumiza mawu akuti mwanayo ayenera kuti ankakayika mumtima, ndipo iwo sadetsa zovala zawo pamaliro a wokayika. Mwana wanga, amene anafa akuchapa nsalu yawo! M'siwa munali zii, wopanda woyambitsa nyimbo, ngati tikuika chigawenga.

M'mawa wa tsiku loika, aNambewe anabwera ndi bandeji pamphumi, n'kundifunsa ngati ndingalole kuti iwo ndi anzawo amuimbire Esinati. Anati mikanjo aisiya kunyumba kuti asaopseze anthu, ndipo ng'oma inapsera m'chisakasa muja. Ndinalephera kuwayang'ana kumaso, ndinangovomera ndi mutu. Anabwera ndi zitenje zakutha ndi malaya a kumunda, anazungulira bokosi, n'kuimba kuchokera pakhomo mpaka kumanda. Ndiye mukudziwa chimene chinachitika? Abale athu ochokera kutauni ndi anthu a midzi yakutali ankanong'onezana kuti koma kwaya iyi ndiye ikuimba, kodi ndi ya mpingo uti. Mlamu wanga wina anachita kupita kukawagwira chanza, n'kuwapempha kuti adzaimbe paukwati wa mwana wake. Akanabwera ndi mikanjo, mlamu yemweyo akanakhala woyamba kuthawa pamanda. Ndinaseka pamaliro a mwana wanga, kuseka kowawa, anthu n'kumati ndayamba misala.

Abale atangobwerera kwawo, amayi awiri a lamba wobiriwira anafika pakhomo, atayera mbee. Ndinaganiza kuti mwina manyazi awagwira, abwera kudzapepesa. Ayi ndithu. Anati Amayi Mtumiki awatuma kudzatenga yunifolomu, chifukwa chopatulika sichikhala m'nyumba ya anthu akunja. Ndinalowa m'nyumba, ndinaitenga pamene ndinaipachika, ndinawaponyera kumaso, ndipo mawu amene ndinawauza sindingawalembe pano. Anaitola, anaisasa fumbi, anaipinda bwinobwino n'kumapita. Mumsewu ndinamva ana asukulu akuwapatsa moni waulemu. Ndikanaiotcha bulauzi ija, koma mkwiyo unandipusitsa.

Ndinayesa kukadandaula kwa oweruza milandu a kwathu kuno. Amayi Mtumiki anafika atavala zoyera zawo zija, ndipo wina anathamanga kukawatengera mpando, ine nditakhala pansi. Oweruzawo anandifunsa ngati alipo amene anamukankhira Esinati m'madzi. Ndinati ayi. Anandifunsa ngati alipo anamulanda mapiritsi mokakamiza. Ndinati anaponya yekha. Nkhani inathera pomwepo, ndipo Amayi Mtumiki anapemphedwa kuti atseke ndi pemphero. Za chisakasa chootchedwa ndi bala la aNambewe panalibe anafunsa.

Sabata yatha ndinapita kumsika pa Nsaru kukagulitsa tomato wa m'dimba la Esinati, limene tsopano timathirira ndi aNambewe. Gulu lija linadutsa pamzere likuimba, anthu akupatuka, a kabaza akutsika panjinga. Kumapeto kwa mzere kunali mtsikana woonda, akuyenda movutika, kupuma kwake kukumveka ngati pali kambalame m'chifuwa. Ndinayang'ana pakhosi pake. Batani lotuwira lija, la malaya a amuna anga, linali pomwepo. Ndinafunsa ogulitsa anzanga, anandiuza mudzi wake, n'kundiuzanso kuti amadwala mphumu, ndipo kabotolo kake kopopera m'kamwa anakaponya m'beseni tsiku lomuveka.

Ndinasiyira mnzanga tomato, ndinapita molunjika kwa mayi wa mtsikanayo, mmene ndinalili, ndi chitenje cha kudimba, matope ouma m'mapazi. Kuyambira pamaliro paja yunifolomu yanga sindinaivalenso. Ndinaima kumapeto kwa bwalo n'kufotokoza zonse, za beseni, za chitsime, za batani. Mayiyo anandimvetsera mpaka kumapeto, koma mpando sanandipatse. Kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Pepani ndi zovuta, koma amayi aukhondo ngati amene aja sangapweteke mwana. Kodi inu mumapemphera kuti?" Kuyang'ana kumeneko ndinakuzindikira, chifukwa n'kumene ndinawayang'ana nako aNambewe. Ndinabwerako ndikulira njira yonse.

Inu owerenga, ndine telala, ndiye ndiloleni ndikuuzeni za nsalu. Yoyera ija amagulitsa m'sitolo pa Nsaru pompa, pashelefu imodzi ndi yofiira, ndipo wogulitsa safunsa kuti mtima wako ndi wotani. Aliyense akhoza kugula, aliyense akhoza kusoketsa. Anthu ofuna kutigwira amatidziwa bwino ife Achewa a kutchalitchi, amadziwa chimene timagwadira, ndiye sabwera ndi zovala zoopsa zimene timawayembekezera nazo. Amabwera atavala ngati amayi anu, akuimba nyimbo zanu. Musayang'ane bulauzi. Funsani chimene amamuuza wodwala. Funsani kumene anachokera, ndipo ngati n'kotheka pitani komweko mukamve kwa amene anaika maliro. Wina aliyense akauza mwana wanu kuti ataye mankhwala, kaya wavala zoyera chotani, kaya akulankhula motsitsa bwanji, mutengeni mwanayo tsiku lomwelo mupite naye kuchipatala, mtedza uwolere kumunda. Ndipo inu amene mumagenda anthu chifukwa cha mkanjo, kumbukirani kuti mwana wanga anabwera kumudzi pamsana pa mkanjo wofiira.

Mawa ndibwereranso kwa mayi uja. Ndatulutsa yunifolomu yanga m'sutikesi, ndaichapa, ndaisita ndi simbi ya Esinati. Sindikuivalira Mulungu, Iye akudziwa. Ndikuivala chifukwa ndikudziwa kuti mayi uja akandiona ndi zoyera akandiyalira mphasa, ndipo mawu omwe aja anawakana akawamva. Zikundinyansa kuti ziyenera kutero, koma mwana wa eni uja akubanika, ndipo nthawi yodzikuza ndilibe. ANambewe anati andiperekeza, poti za ku Mpingu akuzidziwa ndi iwo. Ndinawapempha, manyazi ali tho, kuti mkanjo ausiye kunyumba. Anangoseka pang'ono, akusisita chipsera chawo pamphumi, n'kuti adziwa kale.

Ngati mayiyo akandimvera, ndikamutenga mtsikanayo ndekha mpaka kuchipatala. Pobwerera ndikapempha andipatse bulauzi ija. Ndikadulako batani la amuna anga, yotsalayo ndikaiotcha pabwalo masana, anthu akuona.